Mano Awiri a Kadontho

Kadontho anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake amuyang'ane.

Bambo ake anali katswiri wojambula. Ankajambula mapiri ndi mitsinje. Ankajambulanso nkhope za anthu.

M'chipinda chawo cha ntchito munali mpando wofiira. Mlendo akakhalapo, bambo ankamuyang'ana dwii. Ankayang'ana mphuno. Ankayang'ana makutu. Ngakhale chipsera sichinkawadutsa.

Koma Kadontho sankamuyang'ana choncho.

Amayi ankagwira ntchito kutali. Kadontho ankadya yekha. Ankasewera yekha. Ankasungulumwa kwambiri.

"Ababa, taonani kuno!" ankatero ali pakhomo.

"Dikira pang'ono, mwanangu. Utoto ungaume."

Koma pang'ono pa bambowo sipankatha ayi!

Tsiku lina kunagwa mvula yamphamvu. Mlendo sanabwere. Kadontho anakwera pa mpando wofiira uja.

"Ababa, lero mujambule ine."

Bambo anaseka. "Iwe sufunika mpando. Nkhope yako ndimaidziwa pamtima."

Anatenga burashi. Anajambula osadzutsa mutu. Kadontho anakhala phee. Anadikira. Anadikirabe. Bambo sanamuyang'ane ngakhale kamodzi.

"Ndamaliza! Bwera udzaone."

Kadontho anayang'ana chithunzicho. Panali kamwana ka masaya onenepa. Kanali ndi mano onse, oyera mbee.

"Ababa, uyu si ine," anatero motsitsa mawu.

"Si iwe bwanji?"

Kadontho anatsegula pakamwa. Kutsogolo kunalibe mano awiri.

"Aa! Anaguluka liti?"

"Kalekale. Ndinakuitanani. Munati ndidikire."

Bambo anangoti kukamwa yasa. Anachita manyazi. Mtima unawapweteka. Anaika burashi pansi, nagwada patsogolo pa mwana wawo.

Anamuyang'ana. Anaona kuti watalika. Anaona kuti masaya aja anatha. Anaona misozi ikulengeza m'maso mwake.

"Pepa, mwanangu," anatero bambo. "Bwerera pampando. Tiyambirenso."

Anatenga nsalu yatsopano. Ankajambula pang'ono, n'kumuyang'ana. Ankajambula pang'ono, n'kumuyang'ananso.

"Ababa, nditseke pakamwa?"

"Ayi, usatseke! Mpata umenewo ndikuufuna wonse."

Kadontho anaphulika kuseka. Mpando unagwedera.

"Usagwedezeke, iwe!" anatero bambo, nawonso akuseka.

"Ndiye musiye kundiyang'ana!"

"Zimenezo ndiye ayi," anatero bambo. "Lero sindisiya."