Malaya Amene Tinawaika Nawo M'manda

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kunama sindidziwa. Zimene ndikulembazi tinaziona awiri, ine ndi mayi wojambula zovala pakampani pomwe ndimakolopa. Wokayika akawafunse.

Kampaniyi imapanga magemu a pakompyuta. M'gemumo muli khamu la anthu osaseweredwa ndi aliyense: ogulitsa, odutsa mumsewu, ongokhala pabenchi. Gulu lina la antchito limapanga mitu, lina tsitsi, lina zovala. Amajambula nkhope za anthu enieni m'chipinda chodzaza makamera, kenako n'kuziduladula, mphuno ya uyu kuiphatika pankhope ya uja, kuti munthu asadziwike.

Malemu amuna anga anali mlonda pomwepo. Nawonso anawajambula. Anafika kunyumba akuseka, ati, "Mayi, mphuno yangayi yalembedwa ntchito." Patangotha miyezi isanu tinawaika m'manda.

Tsiku lina m'mawa ndikukolopa ofesi yaikulu, anthu ambiri asanafike, mayi wa zovala uja anandiitana motsitsa mawu.

"Achemwali, tabwerani. Koma musakuwe."

Pakompyuta yawo panali msewu wa m'gemu, anthu ali piringupiringu. Pakona panaima amuna anga. Osati mphuno yokha ayi. Athunthu, ndi chipsera chawo cha pachikope chomwe.

"Nkhope mwina aiwala kuisakaniza," anatero mayiwo. "Koma malayawo. Chovala chilichonse muno chimadutsa m'manja mwanga. Amenewa sindinajambule ine."

Anakulitsa chithunzicho. Malaya oyera. Batani lachitatu losokedwa ndi ulusi wakuda. Ndinalisoka ndine, tsiku la maliro, ulusi woyera utasowa. Kupatula osambitsa maliro, palibe wina analiona.

Makompyuta onse, amene amang'ung'udza tsiku lonse, anangoti zii. Kenako fungo. Dothi lonyowa, longokumba kumene. Ife tili pansanjika yachinayi, mawindo otseka.

Ena onse m'gemumo ankayenda. Iwo anangoima.

Ndinapita kwa bwana, mopu wanga ali m'manja.

"Achotsenimo amuna anga. Munthu anakuimirirani pageti zaka khumi ndi ziwiri, ndiye atamwalira aziimabe? Adzagona liti?"

"Pepani mayi, kompyuta yangosokoneza. Tifufuta lero lomwe."

Anafufutadi, ine ndikuona. M'mawa mwake amuna anga anali pakona ina. Anafufuta mitu yonse imene inatengako kanthu pankhope yawo. Anabweranso. Ulendo uno pageti la nyumba ina ya m'gemumo, manja kumbuyo, monga ankaimira pantchito.

Mayi wa zovala anasiya ntchito sabata yomweyo. Bwana akandiona amakhotera kwina.

Gemu ija inatuluka. Akuti ikuseweredwa m'mayiko ambiri. Ndiye kuti amuna anga amaima m'nyumba za anthu osawadziwa n'komwe, ana a eni n'kumawagunda ndi magalimoto a m'gemu, akuseka chikhakhali.

Ine ndikaweruka ndimafikira m'nyumba yopanda wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndimakhala pabedi, maso kuchitseko. Ndawakalipira. Ndawachonderera. Ndagonapo osakhoma. Kwa anthu onsewo amapita. Kwa ine sanabwerepo, ngakhale kumaloto.