Mano a malemu Wilfred Shorty

Chipale chofewa chitasungunuka, mayi Effie Shorty anapita kumanda a ku Raven Bend kukaona amuna awo, malemu Wilfred. Anapeza kanyumba ka pamanda katathyoledwa chitseko. Zonse zimene anawaikira munalibe: ketulo, mpeni wosendera zikopa, ngakhale mano oikirira.

Wapolisi Pelletier anabwera, nazungulira manda, n'kunena kuti mwina ndi chimbalangondo. Mayi Effie anamufunsa ngati zimbalangondo za masiku ano zimayenda ndi chozulira misomali. Iye anangokanda mutu.

Mu Julaye msewu waukulu wodutsa ku Raven Bend unakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu chiulambulire asilikali. Bambo Garnet Holloway, amene anadzidzoza okha ukatswiri wa mbiri ya msewuwo, anaitana mudzi wonse kukatsegulira nyumba yawo ya zinthu zakale, yomwe mpaka chaka chatha inali garaja. Anamanga tayi. Analankhula za mathirakitala, matope ndi udzudzu. Zoti msewuwo unapondereza manda a makolo a anthu amene ankawamvetserawo, sanatchule.

Zitawakwana, mayi Effie anadzuka kukasuzumira m'kabati yagalasi. Munali ketulo, mpeni, ndi mano atagonekedwa pansalu yofiira, akuti a msilikali wa mu 1942. Dzino lakutsogolo linali lobenthuka, mmene Wilfred analibenthulira potsegula botolo. Mayi Effie anatembenukira kwa Holloway.

"Garnet, amuna anga akutani m'kabati mwakomu?"

Holloway anatsokomola, nati mayiwo asasokoneze mwambo. Koma Pelletier, amene anangobwera kudzamwa khofi waulere, anasendera n'kufunsa kumene anazipeza zinthuzo. Wina akanatseka pakamwa. Holloway sanakhalepo atafunsidwa funso la mbiri n'kulephera kuyankha.

"Ndinazipulumutsa," anatero. "Kutchire kuja zimangochita dzimbiri. Pano alendo aziona."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena akusiya makeke olumidwa pamipando. Pelletier anatulutsa unyolo. Holloway anapempha kuti amalize kaye kulankhula, chifukwa anali asanafike pa nkhani ya milatho. Anauzidwa kuti akamalizira m'galimoto, ulendo wopita kuchitokosi ndi wautali ndipo msewu wake akuudziwa.

Mayi Effie anatsegula kabati, nakulunga manowo m'mpango. Pelletier anawakumbutsa mwaulemu kuti umenewo ndi umboni wa kukhoti.

"Ujambule chithunzi, mwanawe," anayankha, akulunjika pakhomo. "Eni ake atha chisanu chonse osatafuna."