Bedi la m'Kavani ka a Yotam

Chilape? Nachize. Chinagona chagada, anthu n'kugona pamwamba pake, koma mlendo atafika anagogoda pomwepo. N'chiyani? Musafulumire kuyankha.

Chaka chimene a Yotam anagula kavani kakale kwa mzungu wa pafamu, mudzi wonse unabwera kudzaseka. Iwo osalabadira. Anazula mipando yakumbuyo, nakhoma mabokosi osungiramo mtedza ndi mapoto. Ming'alu yonse anatseka ndi masaka kuti mphepo ya Juni isapeze polowera. Chosowa chinali thabwa la bedi basi. Tsiku lina anabwera atasenza chitseko cha mlombwa chimene anatola pabwinja kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, nachiyala m'kavanimo ngati bedi. Anali obwera kuchokera kum'mawa, sanafunse kuti chinali cha yani.

"Amake Tisauke, onani hotela yanu."

Akazi awo, a Mainess, anagonapo n'kugubuduka uku ndi uku. "Hotela ilibe na chimbudzi? Koma ni yabwino, bambo."

Pa ulendo woyamba wokagulitsa mtedza ku Lusaka, dzuwa linawalowera pafupi ndi mlatho wa Chongwe. Anaima. Anawotcha mbatata pambaula, naimba nyimbo za kutchalitchi, kamwana kawo Tisauke kakuimba ng'oma pachitsulo cha galimoto. Kutazizira, a Yotam analowetsa mbaula m'kati n'kutseka paliponse.

"Lero tigona monga mabwana."

A Mainess anamva ali kutulo. Go. Go. Go.

Mutu unali ngati asenza mtondo. Anafuna kungogona.

Go. Go. Go.

Sikunali kulira kwa chitsulo. Linali thabwa. Pansi pa msana wawo. Kenaka mawu a nkhalamba yachikazi, osafulumira:

"Odi kuno."

Anagwedeza amuna awo. A Yotam anangobuula. Tsitsi linawaima a Mainess. Koma kwawo munthu wopempha odi sasiyidwa panja pozizira, kaya ndi ndani. Anakwawa, nakankha chitseko cha galimoto.

Kunalibe munthu. Mwezi wokha, ndi msewu uli mbee.

Mphepo itawawomba anasanza, maso n'kutseguka. Ndipamene anaona Tisauke ali lefu, dzanja likulendewera. Anamutulutsa. Anakankhira mbaula panja ndi phazi, nakoka amuna awo mwendo mpaka anagwera pafumbi. Mwana anamupaka mame a paudzu, akumutchula dzina. Zii. Anamutchulanso.

Tisauke anatsokomola, n'kuyamba kulira. A Mainess anali asanamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kumeneko. A Yotam anakhala pakati pa msewu, akuseka, misozi ili chuchuchu.

M'mawa amayi a konko opita kukatunga madzi anasuzumira m'kavani. Mmodzi wachikulire, a Selestina, ataona bedi anagwira pakamwa. Ananong'onezana. Akuti chinali chitseko cha malemu azamba a pabwinjapo, amene nyengo yozizira ankayenda khomo ndi khomo kukalipira ogona ndi moto m'nyumba yotseka.

"Tichibweze?" anafunsa a Yotam.

"Chisiyeni," anatero a Selestina. "Uja sanali wokhala malo amodzi."

A Yotam anazula masaka onse m'ming'alu, mphepo izilowa mmene ifunira. Atapukusa injini, Tisauke anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi, pakati pa matumba a mtedza.

"Amama, nanga ambuya aja anandigwira dzanja, nawo akupita ku Lusaka?"