Kansalu Kosokedwa Panyanja

Nkhaniyi anandiuza ndi Mayi Dinah titatuluka m'mapemphero ku Kasarani. Ndi ya mwana wawo Watipa, ndipo ndaisunga monga anandipatsira.

Watipa anakulira m'banja lopemphera ku Lavington. Atalowa koleji anagwirizana ndi mtsikana wina dzina lake Tina, nayamba kutola tinthu m'mashopu, lero sopo, mawa ndolo.

"Ndolozi wazitenga kuti?" anafunsa mayi ake.

"Ndapatsidwa."

"Mwanangu, wopatsidwa sayang'ana pansi."

Pafupi nawo pankakhala Mayi Joanna, mayi wachikulire wa ku Australia, amene ankaphunzitsa Watipa kusoka. Pakhoma pawo panali kansalu kakalekale ka zigambazigamba. Tina ataona chithunzi chake pa foni ya Watipa anati, "Iwe, azungu amalimbirana zakale ngati zimenezi! Katenge tikagulitse. Kapena wasanduka sisitere?"

Watipa anakatenga, nakabisa m'chikwama.

Loweruka anapeza apolisi pageti pa Mayi Joanna atagwira Bambo Conrad, mlonda wa pamalopo, powaganizira kuti ndiwo aba kansaluko. M'nyumba Mayi Joanna anali atakhala moyang'ana msomali wopanda kanthu.

"Kansalu kaja anasoka ndi agogo a agogo anga," anatero. "Anaba mpango umodzi ku England. Khoti linawakweza sitima yodzaza akaidi achikazi, ulendo wa ku Australia. Anasiya mwana padoko ndipo sanamuonenso. Zigambazo anazisoka ali panyanja."

Mpango umodzi! Watipa anasuzumira pawindo. Panja Bambo Conrad ankalumbira kuti sanakhudze kanthu, akutchula ana awo mayina. Foni ya Watipa inalira. Anali Tina: "Khala chete, zitha zokha."

Watipa anathimitsa foniyo, nathamangira kwawo. Anabwera ndi kansalu m'manja, nagwada pageti pomwepo.

"Asiyeni bambowa. Wakuba ndine."

Mayi Joanna analandira kansaluko, nakayang'ana nthawi yaitali. "Agogo anga aja panalibe wowakhululukira," anatero. "Dzuka, mwanawe. Koma ukawapepese Bambo Conrad."

Anawapepesa akulira, apolisi nachoka okha. Zakuba zonse anakazibweza m'mashopu, mayi ake ali pambali. Lero Watipa amaphunzitsa kusoka amayi a m'ndende, ndipo nyimbo zotamanda amayambitsa ndi iye.

Mayi Dinah anamaliza motere: "Kuba kumayamba ndi kanthu kokwana m'thumba, koma kumakutengera kutali kosabwererako. Muwauze ana anu asabe. Wangayu Mulungu anamubweza ali kale padoko."