Mkazi wa pa Siteshoni ya Pellam Mills

Nkhaniyi si ya m'maluwa. Inamuchitikira Dwight Ferrell dzuwa likuwala, ndipo mboni zake zilipo ziwiri: mkazi wake Arlene, ndi mdala wina woyang'anira siteshoni, Orrin Tibbs.

Dwight anali munthu wonyoza. Moyo wake wonse ankakonza mapaipi m'nyumba za anthu, ndipo ankati ntchitoyo inamuphunzitsa kuti chokongola chilichonse chili ndi ngalande yonunkha kuseri kwake. Choncho Arlene atanena kuti mu Okutobala, masamba akafiira, apite ku dera la Vermont ku America kukaona timatauni momwe anajambuliramo filimu ina yakale ya nthawi ya nkhondo, Dwight anati galimoto akayendetsa, koma wina asadzamuuze kuti alire.

Tauni yoyamba inali ndi mlatho wamatabwa wofolera. Dwight anaugogoda n'kunena kuti waima chifukwa cha penti yokha. Kwina kunali kasitolo komwe mtsikana wa m'filimuyo ankagulitsamo. Tsopano munadzaza makapu, malaya ndi mabotolo a uchi wa mitengo, zonse zodindidwa nkhope yake. Dwight anati anthu akunowa akudya mtembo wa filimu ngati mphutsi, ndipo ananena mokweza dala kuti mwini sitolo amve. Alendo anzawo, nkhalamba za makamera m'khosi, anawatcha nkhosa. Arlene anangomuuza kuti pakamwa pakepo padzamupweteketsa.

Pomaliza anafika ku Pellam Mills, pa siteshoni pomwe filimuyo imathera, mtsikana uja akudikira mwamuna wake wochokera kunkhondo. Sitima inaleka kudutsa pamenepo kalekale. Njanji anazula, ndipo m'malo mwake munamera udzu ndi mitengo ya maapozi. Orrin anatsegula chipinda chodikirira, Arlene n'kulowa kukaona zithunzi. Dwight anakana, nati fumbi waliona lokwanira. Dzuwa linali litapendeka, kamphepo kozizira kakuwomba, maapozi owola akununkha pansi.

Kumapeto kwa khonde la siteshoni kunaima mkazi wa jasi yobiriwira ndi kachipewa, atamufulatira. Dwight anaseka chamumtima. Anaganiza kuti ndi aja amawalemba ganyu kuti alendo aziwajambula. Anamuyandikira manja ali m'thumba.

"Mayi, pitani kwanu mukaothe moto. Filimu inatha, ndipo mwamuna wanuyo sabwera."



Akhwangwala amene ankalira m'mitengo anangoti zii. Fungo la maapozi linachoka, kunabwera la utsi wa malasha. Kenako pansi panayamba kunjenjemera, kuyambira m'zidendene mpaka m'mano. M'udzu muja chitsulo chinkalira. Mopanda njanji.

Mkazi uja anatembenuka. Nkhope yake sinali ija ya pamakapu. Inali nkhope wamba, yotumbuluka, milomo yong'aluka ndi chisanu. Anamugwira padzanja. Zala zake zinkazizira mpaka m'fupa.

"Wachedwa," anatero monong'ona.

Dwight amakumbukira mpaka pamenepo. Zotsalazo anaona ndi Arlene ndi Orrin, amene anatuluka atamva mazenera akugwedera. Iwo sanaone mkazi aliyense. Anaona Dwight yekha, atavula chipewa, atawongoka ngati msilikali, misozi ili mbwembwembwe. Anayankhula, koma mawuwo sanali ake. Anali a munthu wachinyamata.

"Ndabwera, Nettie. Anandisiya m'madzi, koma ndabwera."

Anasendera m'mphepete mwa khonde. Anakweza phazi ngati wokwera sitima. Arlene anamugwira lamba n'kumukokera kumbuyo, onse awiri n'kugwera m'masamba. Chiphokoso chinadutsa pafupi, chotentha. Chipewa cha Orrin chinauluka. Koma pamitengo, tsamba ndi limodzi lomwe silinagwedezeke.

Arlene filimuyo amaidziwa pamtima, ndipo mulibemo Nettie. Anafunsa Orrin kuti dzinalo ndi la ndani. Mdalayo anatola chipewa chake, anachikuntha, nati nthawi yotseka yakwana. Anakhoma chitseko. Atafika pagalimoto yake ndi pomwe anacheuka.

"Mayi, bambowa musadzabwere nawonso kuno."

Pobwerera anayendetsa ndi Arlene. Atangotuluka mu Vermont, pakamwa pa Dwight panatseguka. Anati anthu aja anabisa zokuzira mawu m'udzu kuti azipusitsa zitsiru. Anati shuga anamutsika chifukwa cha khofi wawo wonga madzi otsukira mbale. Mpaka lero amatero, ndipo amaseka. Koma kunkhondo sanapiteko, m'banja lawo mulibe amene anamira, ndipo dzanja lija silifunda ngakhale m'chilimwe. Adokotala analiyeza, sanapeze kanthu.

Arlene za mizimu sakamba. Chimene chimamuwawa ndi china. Nkhaniyi ikatuluka pa chakudya, amamusiya mwamuna wake anyoze mpaka atope, kenako amamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Seka, Dwight. Takalamba limodzi m'nyumba muno, tinaika mayi ako, tinaika mwana wathu, msozi wako sindinauone. Koma Nettie unamulirira."

Apo Dwight amangobisa dzanja lija pansi pa tebulo.