Mayina a M'mabandeji a Nyundo

Nyundo ankanyamula matumba a simenti pa sitolo ya zipangizo zomangira. Akaweruka ankapita ku galaja yakale kumene a Kochi ankaphunzitsa nkhonya. Kunali thumba limodzi la mchenga ndi magolovesi obwerekana, onunkha thukuta la anthu khumi. Anamenya zaka zisanu ndi ziwiri, mphoto yake n'kukhala chikho chapulasitiki chimene mkazi wake ankasungiramo zopanira zovala.

Ankakhala m'chipinda chimodzi ndi mkazi wakeyo ndi kamtsikana kawo ka zaka zinayi. Kamwanako kankakana mbale yakeyake. Kankakwera pamwendo pa bambo ake n'kumatola za m'mbale mwawo, ndipo iwo ankakatcha "amayi".

Tsiku lina mnzake amene anayamba naye limodzi, koma n'kulowa nkhonya za ndalama, anabwera ku galajako pa galimoto yoyera.

"Mudakanyamulabe simenti, achimwene? Mukafuna lifiti muzinena, bola muyambe mwasamba."

Onse anaseka. Nyundo anasekanso, koma zinamulowa.

Lamlungu masana anapita kwa sing'anga amene anamumvera kwa oyendetsa malole. Anali nkhalamba yaukhondo, yokhala m'kachipinda kuseri kwa malo ometera. Munalibe zithumwa kapena mafupa, koma mipando iwiri ndi beseni basi. Nkhalambayo inatenga mabandeji amene Nyundo ankamanga m'manja, n'kuwamiza m'madzi akuda. Anatuluka ouma.

"Ukamamanga awa, uzinong'oneza dzina la munthu mmodzi," inatero. "Akhale woti unadya naye mbale imodzi. Tsiku limenelo palibe adzaime pamaso pako."

"Ndiye munthuyo afe?"

"Ine maliro ndimadana nawo, mwana wanga. Sadwala ngakhale chimfine. Iweyo ndiwe udzamuiwale, ngati sunamuonepo chibadwire."

"Basi? Alipo ambiri oti ndingakondwe kuwaiwala."

"Onse amatero. Koma dzina limodzi, ndewu imodzi. Silibwerezedwa."

Woyamba kumutchula anali kapitawo wa ku sitolo. Womenyana ndi Nyundo tsiku limenelo anagwa belu loyamba lisanathe kulira m'makutu. Kenaka anatchula anzake onyamula simenti mmodzimmodzi, ndipo ndalama zinayamba kulowa. Anasamukira m'nyumba ya mpanda, mwana n'kuyamba sukulu ya yunifolomu. Anzake akale akamupatsa moni pamsewu, iye ankangowayang'ana. Anthu ankati chuma chamukwera kumutu.

Mayina opepuka atayamba kuchepa, anaganiza zochenjera. Ankaitana alendo kudzadya naye. Atatchula mmodzi wa iwo, anathyoledwa nthiti ziwiri n'kupambana mwamwayi. Anabwerera kwa nkhalamba ija akupuma movutika.

"Ukufuna kundigula ndi anthu a dzulo?" inafunsa ikuwenga zikhadabo. "Ndewu zako zakula. Zikufuna mayina olemera."

Anatchula mlamu wake. Anatchula mchemwali wake, amene patapita sabata anabwera ndi khanda kumbuyo kudzaonetsa malume ake, n'kubwezedwa pageti. Anatchula a Kochi, ndipo ndewu itatha anauza alonda kuti achotse mdala amene ankamupukuta nkhope.

Mkazi wake ankaona zonsezi osamvetsa. Tsiku lina akumukonzera chikwama m'chipinda chovalira, anamumva akunong'oneza dzina la mayi ake omubereka. Mawa lake apongozi akewo atafika, Nyundo anawapatsa moni waulemu ngati mlendo wosochera, n'kufunsa ngati akufuna madzi akumwa. Mayiwo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, manja ali pamiyendo, kenaka ananyamuka.

Mkaziyo anatseka chitseko. "Bambo a mwana, mundiuze lero."

Anamuuza zonse, maso ali pansi.

"Nyumba tili nayo. Mwana akuphunzira. Zakwana."

"Yatsala ndewu ya lamba wa ukatswiri yokha. Imeneyo ndikapambana, ndasiya."

"Tatsala angati?"

Nyundo anayang'ana kuzenera. Panja mwana ankaimba nyimbo ya kusukulu, akulakwitsa mawu.

"Nditchuleni ineyo," anatero mkaziyo. "Mwanayu mumusiye. Lumbirani kuti ikatha imeneyi mabandejiwo muwataya."

Analumbira atamugwira manja onse awiri.

Lamba anamutenga pa raundi yachitatu. Anafika kunyumba anthu akuimba malipenga a galimoto, mwana n'kumuthamangira. Anamunyamula, n'kuyang'ana mayi amene anaima pakhomo atavala diresi yatsopano.

"Awa ndani, amayi?" Nyundo anamufunsa mwanayo.

Mkaziyo anayankha msanga mwana asanatsegule pakamwa. "Ndine wolera mwana, bwana."

Anasamutsira zovala zake m'kachipinda ka kukhitchini. Ankaphika, kuchapa ndi kumuluka mwana tsitsi, n'kumadzitonthoza kuti bola bambo ndi mwana akudziwana. Chimene sanaganizire n'chakuti lumbiro lija linaperekedwa kwa iye, ndipo linapita naye limodzi.

Patatha miyezi isanu kunabwera mnyamata wina wamphamvu wofuna kulanda lambayo. Mkaziyo anapeza mabandeji aja atayanikidwa pachingwe. Anagwada pakhomo la chipinda chochezera.

"Bwana, munalonjeza kuti mwasiya."

"Ndinalonjeza ndani?"

"Mayi ake a mwanayu."

"Iwe, gwira ntchito yako. Lamba sabwezedwa ngati wobwereka."

Mkaziyo anawaponya pamoto mabandejiwo Nyundo atachoka. Anapsa ndithu, iye akuona. Koma m'mawa wa tsiku la ndewu anawapeza m'chikwama, atapindidwa bwinobwino.

Nyundo anapambana. Atalowa pageti, mwana anathamanga monga mwa masiku onse n'kumukumbatira mwendo. Iye anaima chilili, manja ali m'mwamba kuopa kumukhudza.

"Mwana wa wantchito asamalowe kuno," anatero mofatsa. "Mutengeni."

Mwanayo ankayesa masewera. Anaseka, n'kudikira kuti bambo ake asekenso.

Ndewu yotsatira Nyundo analibe dzina loti atchule. Anakhala m'chipinda chovalira akufunafuna dzina m'mutu, mpaka anachita kumukoka. Anagwetsedwa katatu, ndipo kachitatuko anamunyamula pamachira. Atatuluka m'chipatala, mutu sunabwererenso. Nyumba ndi galimoto zinapita ndi anthu omwetulira amene ankamusainitsa mapepala, poti panalibe nkhope imodzi imene akanaikhulupirira kuposa inzake.

Lero amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, akukulunga nsanza m'manja ndi kumasula, kukulunga ndi kumasula. Mtsikana uja wakula. Akaweruka kusukulu amadutsa pomwepo, n'kumusiyira madzi ndi chakudya chimene mayi ake aphika. Iye amalandira ndi manja awiri.

"Zikomo, mtsikana. Makolo ako anakulera bwino. Bambo ako alipo?"

"Alipo," amayankha choncho.

Dyera silikhuta, ndipo chuma cha mankhwala sichibwera chaulere. Chimayamba ndi zimene ukuti ulibe nazo ntchito, n'kumalizira amene unkati ukuwavutikira. Bola kudya zochepa za thukuta lako, uli pakati pa anthu amene ukuwadziwa.