Chomene Akweza Mwendo

Loyce ankafuna galu. Ankafuna galu wakewake.

Iye anali mlendo ku Mzimba. Kwawo kunali ku Dedza. Bambo ake anabwera kudzaphunzitsa. Loyce analibe mnzake wosewera naye.

Tsiku lina bambo anabwera ndi galu. Anamutenga kwa mnzawo wa ku Luwawa. Anali galu wamphongo. Anali wofiira. Khutu lake limodzi linali logwa.

"Umutcha ndani?" anafunsa amayi.

"Chomene," anayankha Loyce.

Loyce ankawakonda mawu amenewa. Anthu a ku Mzimba pothokoza amati, "Yewo chomene." Ndiko kunena kuti, "Zikomo kwambiri."

Koma Chomene anali ndi vuto. Akalowa m'nyumba, ankanunkhiza. Akanunkhiza, ankakweza mwendo. Akakweza mwendo, ankakodza.

Anakodza pachitseko. Anakodza pathumba la chimanga. Anakodzanso pamwendo wa mpando wa bambo.

"Akufuna tidziwe kuti nyumba ino ndi yake," anatero bambo. Sanaseke ayi. "Akakodzanso m'nyumba muno, ndikamubweza ku Luwawa."

Loyce anamukumbatira Chomene. Anachita mantha kwambiri.

Kutacha, Loyce anatsuka mpando ndi sopo. Chomene ananunkhiza. Fungo linalipobe. Loyce anatsukanso ndi phulusa. Anapakapo mandimu. Fungo linatha.

Kenako anamumanga Chomene chingwe. Loyce akapita kukhitchini, Chomene ali pambuyo. Loyce akapita pakhonde, Chomene ali pambuyo.

Chomene akayamba kununkhiza, Loyce ankawomba m'manja.

"Panja!"

Ankathamanga naye ku mtengo wa pichesi. Chomene ankakodza pamenepo. Loyce ankamupatsa kamutu ka usipa. Sankamumenya.

Loweruka kunabwera mlendo. Anali a NyaJere, mtsogoleri wa amayi a chipani. Anasenza mtolo wa nsalu za chipani. Amayi ankavala nsalu zimenezi povina pamsonkhano.

Nsalu zimenezi sizinali zoseweretsa. Munthu akazidetsa, unali mlandu waukulu. Bambo akanatha kuchotsedwa ntchito.

"Loyce, musiye galuyo pakhonde," anatero amayi. "Katenge mbatata."

Loyce anamusiya Chomene pakhonde. Sanamange chingwe. Anali ndi changu.

A NyaJere anakhala pampando wa bambo. Mtolo anauika pansi. Anautsamiritsa kumwendo wa mpando.

Amayi anawapatsa tiyi.

"Yewo chomene, mama," anatero a NyaJere. Mawu awo anali aakulu.

Chomene anamva dzina lake. Anadzuka. Analowa m'nyumba, chingwe chikukwekwereka pansi.

Ananunkhiza nsapato za mlendo. Ananunkhiza mpando. Ananunkhiza mtolo wa nsalu. Mtolowo unali ndi fungo lachilendo.

A NyaJere sanamuone. Ankauzira tiyi wawo.

Amayi anamuona. Bambo anamuona. Anangoti chilili pakhomo. Anaopa kukuwa pamaso pa mlendo.

Loyce anatulukira ndi mbale ya mbatata. Manja onse awiri anali pambale.

Chomene anatembenuka. Anayamba kukweza mwendo.

Loyce anataya mbale. Mbatata zinagubuduka pansi. Anawomba m'manja.

"Panja!"

Chomene anaima. Mwendo unali m'mwamba. Anamuyang'ana Loyce. Loyce anamuyang'ana Chomene.



"Panja, Chomene," anatero Loyce motsitsa mawu.

Mwendo unatsika pang'onopang'ono. Chomene anatuluka. Anathamangira ku mtengo wa pichesi. Kumeneko anakweza mwendo nthawi yaitali.

Amayi ananyamula mtolo. Anaukhudza pansi pake. Unali wouma. Anauika patebulo.

A NyaJere anayang'ana mbatata zili pansi. Anayang'ana Loyce.

"Mwana iwe, wataya mbale chifukwa chiyani?"

Loyce anagwada. "Pepani, amayi. Ndimatulutsa galu."

"Basi wamva kamodzi kokha?" A NyaJere anaseka. "Galu wako ngwakumva chomene."

Panja, Chomene anamvanso dzina lake. Anabwera akuthamanga. Bambo anatseka chitseko msangamsanga.

A NyaJere anamaliza tiyi. Anawasiyira amayi nsalu imodzi. Ananyamula mtolo n'kutsanzika.

Amayi anakhala pansi. Anapuma kwambiri.

Loyce anayamba kutola mbatata. "Bambo, kodi mukamubweza?"

Bambo anawerama. Anatola mbatata yomwe inalowa pansi pa mpando. "Kodi wakodza m'nyumba?"

"Ayi."

"Ndiye Chomene ndi wathu."

Madzulo bambo anabweretsa matabwa. Loyce ankagwira misomali. Bambo ankakhoma. Anamanga kanyumba pafupi ndi khonde.

Amayi anabwera ndi mbatata zija. Anali atazitsuka. Anapatsa bambo. Anapatsa Loyce. Yaikulu anapatsa Chomene.

Chomene anailuma. Analowa nayo m'kanyumba kake.